Mbiri ya Mabrowser ndi Ufulu wa Web

Munthu aliyense amene atsegula foni kapena kompyuta kuti awerenge nyuzi, afunefune nchito, alipire msonkho kapena aone zotuluka za mayeso ake, alowera pa khomo limodzi lochedwa browser. Browser ndiyo pulogalamu imene ipita kukatenga tsamba kumene lasungidwa, kungakhale kutsidya la nyanja, niliyala pamaso pa wowerenga. Maina ake ena muwadziwa kale: Chrome, Safari, Firefox, Edge ndi Opera. Ambiri a ife sitiganizako za cipangizo cimeneci, monga momwe wapaulendo safunsira amene anasema bwato lomuolotsa, malinga wafika tsidya lija. Koma anthu a kumadooko adziwa bwino kuti pakatsala bwato limodzi lokha, mwini bwato asanduka mwini mtsinje. Iye ndiye achula mtengo, iye ndiye anena nthawi yooloka, ndiponso iye ndiye asankha katundu woyenera kukwera.

M'nkhani ino tifuna kulondola mbiri ya mabrowser kuyambira caka ca 1989 kufikira masiku athu ano. Tidzaona m'mene cinthu cimene cinaperekedwa kwaulere kwa anthu a mitundu yonse cakhala cikugwera m'manja mwa kampani imodzi, poyamba Netscape, pambuyo pake Microsoft, ndipo tsopano Google. Ndiponso tidzafunsa cimene anthu wamba ataya zinthu zikatere.

Ciyambi ca Web

Tisanapite patali tiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu azisokoneza kawiri-kawiri. Intaneti ndiyo mawaya ndi makina olumikiza makompyuta a m'maiko onse, ndipo inalipo kale zaka zambiri Web isanabadwe. Web ndiyo masamba olozana amene tiwerenga kupyolera m'mawayawo. Dzina lake m'Cingelezi litanthauza ukonde wa kangaude. Amene anaiyambitsa ndiye Mngelezi wina, Tim Berners-Lee, pamene anali kugwira nchito ku CERN, malo aakulu ofufuzirako za sayansi pafupi ndi mzinda wa Geneva. Kumeneko kunali kusonkhana anthu ophunzira a m'maiko ambiri, yense ndi kompyuta ya mtundu wake, kotero kuti zolembedwa pa makina a wina zinali zobvuta kuziwerenga pa makina a mnzake. M'caka ca 1989 iye analembera akulu ake a nchito za njira yothetsera bvutoli, ndipo pakutha kwa 1990 anali atapanga browser yoyamba ndi tsamba loyamba.

Nzeru yake inagona pa mapangano atatu. Loyamba ndilo kalembedwe ka tsamba, kochedwa HTML. Laciwiri ndilo keyala ya tsamba liri lonse, yochedwa URL. Lacitatu ndilo mau amene makina awiri alankhulana popempha ndi popereka tsamba, ochedwa HTTP. Yense wotsata mapangano amenewa anali womasuka kulemba tsamba lake osapempha cilolezo kwa munthu, ndiponso womasuka kupanga browser yake. Pa 30 Epulo 1993 akulu a CERN analengeza kuti luso limeneli alipereka kwa anthu onse popanda malipiro, ndipo m'caka ca 1994 Berners-Lee anakhazikitsa bungwe la W3C kuti lizisunga ndi kukonza mapanganowo.

Ici ndico cimene anthu atanthauza ponena kuti Web ndi yotseguka: tsamba limodzi liwerengeka pa browser iri yonse, ndipo pacipata palibe mlonda wofunsa citupa. Koma owerenga asunge mfundo iyi, pakuti mbiri yonse yotsatira itsamira pa iyo: pangano lolembedwa pa pepala likhala ndi mphamvu pokhapo ngati alipo opanga angapo amene ayang'anirana. Pamsika pakakhala masikelo ambiri, wonyenga agwidwa msanga. Pakakhala sikelo imodzi yokha, kilo ndiyo cimene sikeloyo yanena, ngakhale buku la miyeso linene zina.

Kukwera kwa Netscape

Browser imene inafikitsa Web kwa anthu wamba ndiyo Mosaic, imene Marc Andreessen ndi Eric Bina anapanga ku University of Illinois m'caka ca 1993. Inachuka cifukwa inali kuonetsa zithunzi pamodzi ndi mau pa tsamba limodzi, ndipo inali yosabvuta kuiika pa kompyuta ya panyumba. M'caka ca 1994 Andreessen, mnyamata wa zaka 22 cabe, anagwirizana ndi munthu wacuma, Jim Clark, nayambitsa kampani ya Netscape. Browser yao, Navigator, inatuluka mu Disembala caka comweco, ndipo pofika 1996 anthu pafupi-fupi 80 mwa 100 ali onse a pa Web anali kuigwiritsa nchito.

Netscape inasiya mphatso zimene tikali kudyerera lero. Inapanga njira yobisa mau oyenda pa waya, yochedwa SSL, imene inatheketsa malonda ndi nchito za banki pa Web. Ndipo m'caka ca 1995 wanchito wake, Brendan Eich, analemba cinenero ca makompyuta ca JavaScript, cimene cicititsa tsamba kuyankha wowerenga akalikhudza. Komabe pokhala yokha pamwamba, Netscape inayamba kuonjezera pa HTML zinthu za iyo yokha osadikira bungwe la mapangano, ndipo eni masamba ambiri anapacika cidziwitso cakuti tsamba lao lioneka bwino pa Netscape. Cotero nthenda imene tiri kuifotokoza sinayambe ndi Microsoft kapena Google. Igwira aliyense amene watsala yekha.

Microsoft ilowa m'bwalo

Mu Meyi 1995 Bill Gates, mkulu wa Microsoft, analembera akapitao ake kalata yaitali yoyerekeza intaneti ndi funde lalikulu la panyanja. Mantha ake anali omveka. Pa nthawiyo makompyuta ambiri a m'maofesi ndi a m'nyumba anali kuyendera Windows, pulogalamu yaikulu ya Microsoft, ndipo anthu anali kugula Windows kamba kakuti mapulogalamu ofunika analembedwera iyo. Koma nchito zonse zikanayamba kucitikira m'kati mwa browser, munthu sakanasamalanso kuti pansi pake pali Windows kapena cina. Motero mu Ogasiti 1995 Microsoft inatulutsa Internet Explorer, yomangidwa pa maziko a Mosaic amene inagula cilolezo cake ku kampani ya Spyglass.

Pa nkhondo imeneyi Microsoft inanyamula zida zitatu. Coyamba, inapereka Explorer kwaulere, pamene Netscape inali kudalira ndalama zogulitsa Navigator ku makampani. Caciwiri, inalukana Explorer ndi Windows, kotero kuti wogula kompyuta anaipeza irimo kale ndipo sanathe kuicotsa. Cacitatu, inamanga anzake a malonda ndi mapangano olimba. M'caka ca 1996 inaopseza kampani ya Compaq kuti idzailanda cilolezo ca Windows cifukwa inacotsa cizindikiro ca Explorer pa makina ake. Inapangananso ndi America Online, imene inali kulumikiza nyumba mamiliyoni ku intaneti, ndiponso ndi Apple m'caka ca 1997, kuti Explorer ikhale browser yoyamba kwa makasitomala ao. Cilungamo cifuna kuti tinenenso kuti pofika Explorer ya nambala 4 ndi 5, anthu ambiri anaiona yabwino kuposa Navigator.

Netscape inalephera kupirira. Kuciyambi kwa 1998 inaleka kulipiritsa, nitsegula malemba a m'kati mwa browser yake kuti aliyense awaone ndi kuwakonza, ndipo nchito imeneyi anaipatsa dzina lakuti Mozilla. Mu Novembala caka comweco America Online inalengeza kuti igula Netscape pa madola 4.2 biliyoni.

Boma la United States, pamodzi ndi maboma a zigawo 20, linasumira Microsoft mu Meyi 1998. Woweruza Thomas Penfield Jackson anapeza m'caka ca 1999 kuti kampaniyo inagwiritsa nchito mphamvu ya Windows kupondereza opikisana nayo, ndipo m'caka ca 2000 analamula kuti igawidwe pawiri. Bwalo la apilo m'caka ca 2001 linabvomereza kuti Microsoft inaswa lamulo, koma linafafaniza cilango cogawa kampani, ndipo mlandu unatha ndi cimvano. Akulu amati mlandu suola, ndipo n'zoona. Koma malonda aola. Pamene ciweruzo cinali kutuluka, Navigator inali itatha kale mphamvu.

Zaka za tulo

Explorer 6 inatuluka mu Ogasiti 2001, ndipo posacedwa anthu oposa 90 mwa 100 anali pa Explorer. Cimene cinatsatira ndico phunziro lalikulu koposa m'mbiri yonseyi. Popeza panalibenso wothamanga naye, Microsoft inaleka kuthamanga. Explorer 7 sinatuluke kufikira Okutobala 2006, patapita zaka 5, nthawi yaitali ndithu pa zinthu za makompyuta. Explorer 6 inali ndi zolakwa zambiri pa kawerengedwe ka mapangano a W3C, koma omanga masamba sanacitire mwina koma kutsata zolakwazo, pakuti makasitomala ao onse anali kumeneko. Tsamba lolembedwa molondola linali kuoneka lopindika, ndipo lolembedwa mopindika ndilo linaoneka loongoka. Sikelo imodzi ija inali italamula msika. Pamwamba pa izi panali ActiveX, njira ya Microsoft yolola tsamba kuika tipulogalamu m'kompyuta ya wowerenga. Njirayi inali ya pa Windows, ndipo inasanduka khomo lolowera mbala, kotero kuti m'caka ca 2004 ofesi ya boma la United States yoona za citetezo ca makompyuta inalangiza anthu kuti aganizire zogwiritsa nchito browser ina.

Dziko limene linalawa zowawa koposa ndilo South Korea. M'zaka za m'ma 1990 America inali kuletsa kutumiza kunja njira zolimba zobisira mau, ndipo Korea inapanga yake-yake, yochedwa SEED. Lamulo la m'caka ca 1999 linakhazikitsa citupa ca pa kompyuta cobvomerezeka ndi boma, ndipo posacedwa citupaco cinakhala cokakamiza kwa wocita za banki ndi kwa wogula katundu wa ndalama zambiri pa Web. Zonsezi zinamangidwa pa ActiveX. Zotsatira zake zinali zakuti kwa zaka zoposa 10 nzika ya dzikolo yofuna kutumiza ndalama sinathe kutero popanda Windows ndi Explorer, ngakhale maiko ena anali atasamukira kale ku mabrowser atsopano. M'caka ca 2014 Pulezidenti Park Geun-hye anadandaula poyera kuti anthu a ku China, amene anakhumbira jasi lobvala mkazi wina m'sewero la pa wailesi ya kanema, analephera kuligula m'masitolo a pa Web a ku Korea kamba ka zopinga zimenezi. Ulemu wapadera wa citupa cija unafafanizidwa m'caka ca 2020. Tiona apa kuti boma likamanga nchito zake pa browser imodzi, limanga nzika zake zomwe, ndipo mfundo yake icedwa kumasuka.

Ngakhale Microsoft yomwe inadzabvutika ndi mwana wake. Maofesi ndi mabanki ambiri anali atamanga nchito zao pa Explorer 6, kotero kuti kuicotsa kunali kugwetsa zonse. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. M'caka ca 2011 kampaniyo inacita kutsegula tsamba lapadera lopempha anthu kuti aleke browser imene inapanga yokha.

Kudzuka kwa opikisana

Mbeu imene Netscape inamwaza pakufa inamera. M'caka ca 2003 kunakhazikitsidwa Mozilla Foundation, bungwe losafuna phindu, ndipo pa 9 Novembala 2004 linatulutsa Firefox. Browser imeneyi inali yopepuka, inatsekereza timazenera ta malonda tongotumphuka, ndipo inalola munthu kutsegula masamba ambiri pa zenera limodzi. Anthu zikwi-zikwi anasonkha ndalama nalipira cilengezo cake ca masamba 2 m'nyuzipepala ya New York Times, m'mene munalembedwa maina ao, ndipo pofika 2009 anthu pafupi-fupi 30 mwa 100 anali pa Firefox. Apple nayo inali itatulutsa Safari m'caka ca 2003, ndipo ku Norway kampani yaing'ono ya Opera inali kulimbikirabe. M'caka ca 2004 anthu a Mozilla, Opera ndi Apple anayambitsa gulu la WHATWG, m'mene munacokera HTML5, pangano limene linalola kanema ndi nyimbo kuseweredwa pa tsamba popanda tipulogalamu ta eni ake monga Flash.

Ku Europe nako boma linalowapo. Opera itadandaula m'caka ca 2007, akulu a European Union anamvana ndi Microsoft kuti kuyambira 2010 izionetsa ogwiritsa nchito Windows ndandanda ya mabrowser 12 kuti adzisankhire okha. Ndandandayo itasowa pa makompyuta mamiliyoni kwa miyezi 14, Microsoft inalipitsidwa mayuro 561 miliyoni m'caka ca 2013.

Apa tiyenera kufotokoza mau akuti injini. Browser iri monga galimoto: kunja kuli thupi, utoto ndi dzina, koma m'kati muli injini imene iwerenga HTML ndi kujambula tsamba, ndipo magalimoto awiri akhoza kusiyana maina injini iri imodzi. Pofika 2012 panali mainjini 4 aakulu a eni osiyana: Trident ya Microsoft, Gecko ya Mozilla, WebKit ya Apple, ndi Presto ya Opera. Cinthu catsopano sicinakhazikike pa Web kufikira opanga angapo atacibvomereza. Zaka zimenezo zinali za mwana alirenji kwa omanga masamba ndi kwa owerenga omwe, pakuti yense wa opangawo anali kuthamanga kuopa kutsala.

Ufumu wa Chrome

Google inatulutsa Chrome mu Sepitembala 2008, itaimanga pa WebKit. Inali ya liwiro ndi yolimba, ndipo ambiri anaikonda pa zifukwa zoona. Koma inali ndi thandizo limene anzake analibe. Tsamba lofufuzira la Google, limene anthu osawerengeka alowapo tsiku ndi tsiku, linali kuitanira alendo ake ku Chrome. Ndipo mafoni ambiri a Android, amenenso ndi a Google, anayamba kubwera Chrome irimo kale. M'caka ca 2012, monga mwa ciwerengero ca kampani ya StatCounter, Chrome inapitirira Explorer. M'caka ca 2018 European Union inalamula Google kulipira mayuro 4.34 biliyoni, ndipo cimodzi mwa zifukwa cinali cakuti inakakamiza opanga mafoni kuikamo Chrome ndi cofufuzira cake ngati afuna sitolo ya mapulogalamu ya Play Store. Owerenga aona okha kuti cida cimeneci ndico comwe cija Microsoft inanyamula m'caka ca 1996.

Pamenepo mainjini anayamba kuzima limodzi-limodzi. M'caka ca 2013 Google inapatuka ku WebKit niyamba injini yake, Blink, ndipo caka comweco Opera inataya Presto nitsata Google. Mu Disembala 2018 Microsoft yomwe inalengeza kuti ileka injini yake, ndipo kuyambira Januwale 2020 browser yake ya Edge iyendera Blink. Explorer inapumitsidwa mu Juni 2022. Brave, Vivaldi ndi Samsung Internet nazonso zimangidwa pa Chromium, maziko omwewo a Chrome. Motero atsala mainjini 3 aakulu: Blink, WebKit ndi Gecko. M'caka ca 2024 ciwerengero ca StatCounter cinaonetsa kuti pa maulendo 100 ali onse a pa Web, pafupi-fupi 65 anali a Chrome, 18 a Safari, ndipo a Firefox sanafike 3. Tikaphatikiza mabrowser onse a Blink, nambala ipitirira 70.

Coopsya ciri pati?

Ena adzati, "Nanga coipa n'ciani? Chrome si Explorer 6. Ikonzedwa pafupi-pafupi, ndipo malemba a Chromium ali poyera kuti aliyense atenge." Mau amenewa ali ndi coonadi cake. Koma ambiri olemba Chromium ndi anchito a Google, ndipo iwo ndiwo anena cimene cilowa ndi cimene cikanidwa. Kutenga malembawo n'kwaulere, koma kusamalira injini pawekha kufuna akatswiri mazana ndi cuma cosaneneka. Ngati Microsoft ndi cuma cake conse inagonja, ndani wina adzalimba? Tsono Google ikaika cinthu catsopano mu Chrome, omanga masamba ayamba kucigwiritsa nchito, ndipo opanga ena atsala ndi njira ziwiri: kutsata, kapena kuoneka ngati browser yao ndiyo yothyoka.

Tikumbukenso kumene Google ipeza cuma cake. Pafupi-fupi magawo 3 mwa 4 a ndalama za Alphabet, kampani imene iri kholo la Google, acokera ku zilengezo za malonda. Cotero mwini browser imene iyenera kuchinjiriza wowerenga ndi yemwenso apindula pomudziwa wowerengayo ndi pomuonetsa malonda. Zitsanzo zitatu zionetsa m'mene izi ziyendera.

Coyamba ndi ca tizizindikiro tochedwa cookies, timene makampani a malonda asiya m'browser kuti amlondole munthu kucokera pa tsamba lina kunka pa lina. Firefox inayamba kutsekereza tolondola timeneti m'caka ca 2019, ndipo Safari inatitsekeratu m'caka ca 2020. Google inalonjeza mu Januwale 2020 kuti idzaticotsa mu Chrome zisanathe zaka 2, koma inasuntha tsiku kangapo, ndipo mu Julayi 2024 inanena kuti siticotsanso.

Caciwiri ndi ca tipulogalamu toonjezera pa browser. Kuyambira 2024 Chrome inayamba kuzimitsa tomangidwa pa malamulo ake akale, ndipo uBlock Origin, kamene anthu mamiliyoni anali kutsekera nako zilengezo, kanaleka kugwira nchito mu Chrome, ngakhale kanapitirira kugwira mu Firefox. Google inati cifukwa cake ndico citetezo ca owerenga, ndipo mtundu wina wocepa mphamvu unaloledwa. Koma mlandu wa zilengezo unaweruzidwa m'nyumba ya wogulitsa zilengezo.

Cacitatu cinacitika m'caka ca 2023, pamene anchito ena a Google anapereka maganizo ochedwa Web Environment Integrity, akuti tsamba lizitha kufunsa umboni wakuti browser ndi makina a wowerenga ndi obvomerezeka. Ambiri anaona kuti ici cikanabweza pacipata mlonda wa citupa uja. Mozilla, Vivaldi ndi Brave anatsutsa kolimba, ndipo mu Novembala caka comweco Google inabweza maganizowo. Anagwa cifukwa panali ena otha kunena kuti iai.

Koma otsutsawo aimirira pa nthaka yofewa. Pa mlandu wa m'bwalo la ku Washington kunaululika kuti m'caka ca 2022 Google inalipira Apple madola 20 biliyoni kuti cofufuzira cake cikhale coyamba mu Safari. Ndipo kwa zaka zambiri ndalama za Mozilla zoposa 80 mwa 100 zacokera ku pangano lotere ndi Google. Apple nayo si yoyera manja, pakuti inalamula kuti browser iri yonse ya pa iPhone, ngakhale yochedwa Chrome kapena Firefox, iyendere WebKit. Lamulo la European Union ndilo linaikakamiza kumasula mfundo imeneyi m'caka ca 2024 m'maiko a bungwelo.

Mlandu wa ku Washington uja unayamba m'caka ca 2020. Mu Ogasiti 2024 woweruza Amit Mehta anapeza kuti Google inasunga ufumu wake wa zofufuzira mosemphana ndi lamulo, ndipo boma linapempha kuti kampaniyo ikakamizidwe kugulitsa Chrome. Mu Sepitembala 2025 woweruzayo anakana pempholi. Analetsa mapangano otsekera ena kunja, koma analola malipiro kupitirira, ndipo cimodzi mwa zifukwa zake cinali cakuti kuwadula kukanapweteka opanga mabrowser ena amene awadalira. Monga pa mlandu wa Microsoft, kulakwa kunapezeka koma kampani inatsala yathunthu.

Phunziro kwa ife

Wina angayese kuti iyi ndi nkhondo ya makampani akutali, yosakhudza munthu wa ku Chipata kapena ku Lundazi. Koma ambiri a ife tikumana ndi Web pa foni ya Android, m'mene browser anatisankhira kale ena tisanatsegule bokosi. Ndiponso tinaonako kale m'mene Web ya mlonda ikhalira: mu Julayi 2014 Zambia linali dziko loyamba kumene Facebook, pamodzi ndi Airtel, inatsegula pulogalamu ya Internet.org, imene inapatsa anthu masamba owerengeka kwaulere. Cinali cithandizo kwa osowa ndalama, koma masamba oloweramo anali osankhidwa ndi eni pulogalamu.

Mbiri imene talondolayi itiphunzitsa kuti coopsya sicicokera m'kuipa kwa browser yakuti-yakuti. Navigator, Explorer ndi Chrome, iri yonse inakwera pamwamba iri yabwino pa nthawi yake. Coopsya cifika pamene wapamwambayo asowa mnzake wotha kumtsutsa, pakuti pamenepo agona monga Microsoft, kapena alemba mapangano mokomera thumba lake. Itiphunzitsanso kuti mabwalo a milandu afika mocedwa, ndi kuti cimene cinadzutsa Web m'caka ca 2004 cinali anthu wamba amene anasankha browser ina ndi manja ao.

Inu amene mwatsiriza sukulu, ena mwa inu mudzamanga masamba a maofesi a boma, a masukulu, a mabanki ndi a zipatala. Ena mudzakhala m'makomiti obvomereza nchito zotere ndi kulipira omanga ake. Mukadzafika pamenepo, kumbukani South Korea. Funsani ngati tsambalo latsata mapangano a onse; liyeseni pa mainjini onse atatu, ndiponso pa foni yakale ya munthu wa kumudzi; ndipo musalole cidziwitso cakuti tsamba la boma litseguka pa browser imodzi yokha, pakuti nzika yolipira msonkho siyenera kukhala kasitomala wa kampani yakuti kuti ilandire cithandizo ca boma lake. Inu nonse, ikani browser yaciwiri ya injini ina pa foni kapena pa kompyuta yanu, nimuigwiritse nchito, cifukwa omanga masamba awerenga alendo ao, ndipo browser imene saiona m'ciwerengero aiiwala. Web inaperekedwa kwa anthu onse m'caka ca 1993, ndipo kuisunga kuli pa mapewa a ambiri; mutu umodzi susenza denga.